Tsiku Limene Mwendo wa Mayi Hutala Unakana

Basi inali italira kale. Anthu anali atadzaza, katundu atamangidwa, kondakitala atatseka chitseko n'kumenya pambali pa basi kuti tiyeni. Chinatsala n'chakuti dalaivala aponde kilachi, alowetse giya, basi ituluke pageti la depoti.

Dalaivalayo anali mayi amene aliyense pa depotipo ankamutcha Mayi Hutala. Anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri, nafuna kuponda. Mwendo unakana.

Anayesanso. Bondo linayamba kuvina lokha. Thukuta linatsika m'khosi n'kunyowetsa kolala ya yunifomu, mtima ukugunda ngati ufuna kuboola nthiti. Pagalasi lakutsogolo sankaona geti ayi. Ankaona phula lonyowa, ndi kamtsikana kakuthamangira pakati pa msewu.

"Adalaivala, tigona pompano?" anafuula bambo wina kumbuyo. Ena anaseka.

Mayi Hutala anazimitsa injini, kusiya makiyi pomwepo, n'kutsika. Anadutsa pakati pa madalaivala anzake amene ankamwa tiyi pakhonde la ofesi. Atangowapitirira anamva mmodzi akuti, "Tinanena ife. Basi si poto."

Inu amene mukufunafuna chokudzutsani, nkhani ya mayiyu muimve mofatsa. Mulibe zozizwitsa. Muli zimene zimamuyendetsa munthu, ndi zimene zimamuimitsa.

Mayiyu anayamba ntchito pa depotipo ngati wosesa m'mabasi. Ankatola makoko a nthochi ndi mabotolo pansi pa mipando, kenako n'kupukuta chiwongolero cha anthu ena. Tsiku lina anauza bwana wa depoti kuti akufuna kuphunzira kuyendetsa. Bwanayo anaseka mpaka kutsokomola.

Kuseka kumeneko n'kumene kunamuyendetsa zaka zonse zotsatira. Mchimwene wake, amene anali makaniko ndipo anali ndi galaja yakeyake, anamuphunzitsa pabwalo la galajayo masiku opuma. Anapeza laisensi ya galimoto zazing'ono, kenako ya zazikulu, nakhala mkazi woyamba kupatsidwa basi pa depotipo. Mwamuna aliyense womuloza chala pamsewu ankamuyankha ndi hutala, ndipo dzina lake linabadwira pamenepo.

Sankachedwa, sankadwala, basi yake inalibe ngakhale kachipsera. Anthu ankati amakonda ntchito. Zoona zake n'zakuti m'mawa uliwonse ankadzutsidwa ndi liwu limodzi lokha: aone. Aone amene anaseka aja.

Ndiye masana ena kukugwa mvula, mphepo inalanda ambulera ya kamtsikana kena m'mbali mwa msewu, ndipo kamwanako kanaithamangira osayang'ana. Mayi Hutala anakhotetsa basi. Matayala anatereza, basi inagwera cham'mbali m'ngalande. Mwana sanakhudzidwe n'komwe. Koma bambo wina wachikulire amene anakhala mpando wakutsogolo, yemwe ulendo wonse ankacheza naye za adzukulu ake, anamwalira asanafike kuchipatala.

Apolisi anafufuza, akampani anafufuzanso, ndipo onse anati dalaivala alibe mlandu. Mkono wake, umene unathyoka pangoziyo, unapola. Atapola anavala yunifomu n'kubwerera kuntchito, ndipo tsiku limenelo ndi lija mwendo unakana.

Kuyambira pamenepo ankangokhala kuchipinda chakumbuyo kwa nyumba yawo, mmene mwamuna wake, yemwe anali telala, ankasokera. Ankakhala pampando wa pakona, maso ali pa nsanza za pansi, makina akulira tsiku lonse.

Alendo ankabwera, aliyense ndi mankhwala ake apakamwa. Azakhali ake anati, "Madzi akatayika saoleka, mwanawe. Iwala." Mnzake wa kutchalitchi anati, "Limbani mtima, asisi, inu ndinu chitsanzo chathu." Onsewa ankafuna zabwino. Koma kuuza munthu wotere kuti alimbe mtima kuli ngati kuuza wamalungo kuti asiye kunjenjemera. Amamva, amavomera, koma thupi silili pamsonkhanopo.

Iye anayesa njira imene ankaidziwa. Anakhala tsiku lathunthu akubwereza mumtima mawu aja akuti basi si poto, mpaka mkwiyo unamufika pakhosi. Ananyamuka wapansi kupita kugalaja, nalanda makiyi a galimoto ya mchimwene wake. "Ndipatseni, achimwene, lero aona!"

Anangolowetsa kiyi, n'kutsegulanso chitseko, n'kusanza pamchenga.

Apa pali chinthu choti tichione bwino. Mkwiyo umathamangitsa mtima, mantha nawonso amathamangitsa mtima. Kwa munthu amene thupi lake lili kale tcheru, mkwiyo suthamangitsa mantha. Umawaonjezera nkhuni. Moto umene unamuphikira zaka zonse zija tsopano ndi umene unkamuwotcha.

Zitachitika zimenezi anasiya kufuna chilichonse. Sankafunanso kubwezera, sankafuna kuchira, ngakhale kusamba ankachita kukumbutsidwa. Bwana wa depoti anatuma kondakitala kudzanena kuti basi yaperekedwa kwa wina. Iye anangoti, "Chabwino."

Anali ndi mwana mmodzi, mtsikana wa kusekondale. Mwanayo ndi amene tsopano ankaphika, kuchapa ndi kupita kumsika, ndipo kusukulu anayamba kutsalira. Madzulo ena ali kudya ananena mosayang'ana munthu, "Adadi, ndikuganiza zosiya kaye sukulu, ndizikuthandizani kusoka." Telala anaika supuni pansi. Mayi Hutala anamva mawuwo bwinobwino, ndipo anadabwa kuti ngakhale zimenezi sizinamudzutse. Zinangomulemera.

M'mawa mwake telala anabweretsa mulu wa malaya a ana asukulu ndi kachitini ka mabatani, nazikhazika pamiyendo pa mkazi wake.

"Mayi a mwana, mabataniwa andikana. Maso anga akalamba, ndikumasoka chala m'malo mwa nsalu."

"Sindikufuna, bambo."

"Ndani wati mufune? Inenso sindifuna. Ingosokani."

Anasoka chifukwa kukana kunkafuna mphamvu zoposa kusoka. Batani loyamba, lachiwiri, malaya amodzi, ena. Pofika masana mulu wa kumanzere unali utasamukira kumanja. Anauyang'ana muluwo, namva kanthu kakang'ono m'chifuwa, kosakwana kukatcha chimwemwe. Kanali kungodziwa kuti chinthu china chatha, ndipo chathera m'manja mwake.

Ambiri timaganiza kuti chilakolako chimayamba, ntchito n'kutsatira. Kwa munthu amene wagwa, kawirikawiri zimayenda motembenuka. Manja amayamba, mtima umabwera pambuyo, monyinyirika ngati mwana wotumidwa.

Koma mtima wake unkathamangabe nthawi iliyonse lole ikadutsa pamsewu wa kutsogolo kwa nyumba. Anatsimikiza kuti ali ndi matenda a mtima, ndipo mwamuna wake anamuperekeza kuchipatala, wapansi, chifukwa basi sankakwera.

Anawalandira namwino wina wa imvi, wolankhula pang'onopang'ono. Anamuyeza zonse, kenako anakoka mpando n'kukhala moyang'anizana naye.

"Mayi, mtima wanu ndi wabwino kuposa wanga. Tandiuzani, umathamanga pakachitika chiyani?"

Aka kanali koyamba munthu kumufunsa m'malo momulangiza. Anafotokoza zonse, za mvula, za ambulera, za bambo uja ndi adzukulu ake. Analira, ndipo namwino sanamuuze kuti atonthole.

Atatha, namwinoyo anati, "Thupi lanu lili ngati galu wolondera amene anaona mbala kamodzi. Tsopano akuuwa aliyense, ndi mwini nyumba yemwe. Simungamuletse pomukwapula. Ayenera kumaona anthu akudutsa, lero ndi mawa, popanda choipa chochitika, mpaka atatopa kuuwa."

"Ndiye ndichite chiyani, anesi?"

"Pezani chinthu chochepetsetsa chimene mumachiopa koma mungathe kuchipirira. Mukhale pomwepo mpaka mtima utatsika wokha. Musathawe mtima uli m'mwamba, chifukwa mukathawa galu uja amati, mwaona, ndakupulumutsani. Mawa amauwa kwambiri. Ndipo muzibwera kuno tizicheza, si ulendo woyenda nokha umenewu."

Kumbuyo kwa galaja ya mchimwene wake kunali galimoto yakufa, yopanda injini, yopanda matayala, yokhazikidwa pa njerwa. Nkhuku zinkaikira mazira pampando wakumbuyo. Mkazi amene ankayendetsa basi yodzaza anthu anayambira mmenemo. M'mawa uliwonse akatha mabatani ankapita kukakhala pampando wa dalaivala, manja pa chiwongolero, akupuma pang'onopang'ono mpaka bondo litasiya kuvina.

Amakaniko poyamba ankachita manyazi kumuyang'ana. Kenako anazolowera, nayamba nthabwala.

"Achemwali, mwafika pati lero?"

"Ndadutsa kale pa mlatho. Chokani kutsogoloko, ndikugundani."

"Nanga okwera anu akumbuyoko alipira?"

"Awa amalipira mazira, si ngati inu a ulere."

Kuseka kumeneku kunali kosiyana ndi kwa bwana uja. Uku kunali kuseka naye.

Patapita nthawi anasamukira m'galimoto yamoyo, injini ili chete. Kenako mchimwene wake ankailiza, iye n'kumangomva kunjenjemera kwake. Kenako ankailiza yekha. Tsiku limene anaisuntha kuchoka pamthunzi wa mtengo kufika pampopi wa madzi, mchimwene wake sanaombe m'manja. Anangoti, "Mlongo wanga, popeza wafika pampopi, itsuke." Pang'onopang'ono ndi mtolo. Anayambanso kukwera galimoto ngati wokwera wamba, maso ali otsegula.

Musaganize kuti njirayo inali yowongoka. Masana ena akuzungulira pabwalo, mphepo inaulutsa pepala la pulasitiki n'kulidutsitsa kutsogolo kwa galimoto. Anaponda buleki mwamphamvu mpaka chifuwa chinamenya chiwongolero. Anatuluka akuthamanga, ndipo masiku angapo sanaoneke kugalaja. Anabwerera pampando wake wa pakona.

"Zonse zija zapita pachabe, bambo," anauza mwamuna wake.

Telala sanasiye kupalasa makina. "Ulusi ukaduka pakati pa msoko sitiphwasula diresi lonse. Timalowetsanso m'singano, n'kuyambira pomwe wadukira."

Anabwerera kugalaja, osati chifukwa mawuwo anamulimbitsa, koma chifukwa pampando wa pakona panali patayamba kumutopetsa. Nakonso kutopa ndi kukhala n'chizindikiro chakuti munthu akuchira.

Pabwalo ankayendetsa bwino tsopano, koma pageti la galaja ankaima. Msewu waukulu unali malire ake, ndipo anakhala pamalirewo nthawi yaitali, mwina akanakhalapo mpaka lero pakanapanda mayi wina wogulitsa mazira.

Mayi wa mazirayu anali wamasiye. Mwamuna wake anamusiyira nkhuku zambiri ndi kapikapu kamene ankaperekera mazira kumsika. Iye anayesa kuphunzira kuyendetsa, koma mphunzitsi wake anali wokalipa, ndipo mayeso analephera kangapo. Mazira ankaonongeka podikira woyendetsa waganyu. Anabwera kugalaja kudzapempha kuti amupezere wogula kapikapuko.

Makaniko atauza mayiyo kuti asunthire kapikapuko pamthunzi, Mayi Hutala anali chapafupi. Anaona mmene mayiyo anagwirira chiwongolero, zala zitauma, mapewa atakwera mpaka m'makutu, mpweya atautsekera m'chifuwa. Anazizindikira zonsezo ngati munthu wodziona pagalasi.

Anapita pawindo. "Amayi, tulutsani kaye mpweya. Galimotoyi siithawa."

"Ine ndine mbuli, asisi. Anandiuza kale kuti mutu wanga ndi wa nkhuku zomwezo."

"Si umbuli umenewo, ndi mantha. Ine ndimawadziwa, timagona nyumba imodzi. Musagulitse kaye. Mawa mubwere, ndidzakhala pambali panu."

Anayambira pabwalo pomwepo. Mayi Hutala sankakalipa, sankathamangitsa. Injini ikazima ankati, "Yazima. Ilizeninso." Anaona chinthu chachilendo: akamayang'anira mapazi ndi mpweya wa mnzakeyo, ankaiwala kumvetsera mtima wake. Ndipo m'mawa ankadzuka asanadzutsidwe, poganiza kuti pali munthu akumudikira.

Itakwana nthawi, anayamba kutuluka pageti, mayi wa mazira akuyendetsa, Mayi Hutala ali pampando wa wokwera. Ankadutsa tinjira tam'mbali topanda galimoto zambiri. Tsiku lina anagwirizana zokafika kumsika ndi mazira kumbuyo, ndipo njira ya kumsika inkadutsa pamphambano ya maloboti imene inali pamtunda.

Atayandikira mphambanoyo mvula inayamba. Maloboti anafiira, anaima. Atabiriwira, mayi wa mazira anachotsa mwendo pa kilachi mofulumira, injini n'kuzima. Anailiza, inazimanso. Kumbuyo kwawo kunali lole yaikulu, ndipo dalaivala wake anagona pa hutala. Ena anayamba kutukwana. Kapikapu kanayamba kutsetserekera kumbuyo, kulunjika loleyo. Mayi wa mazira anasiya chiwongolero n'kuphimba nkhope ndi manja.

Mayi Hutala anakoka buleki ya pamanja. Galimoto inaima.

Anayang'ana kutsogolo. Phula lonyowa, mvula pagalasi, ana asukulu ndi maambulera awo m'mbali mwa msewu. Chilichonse chimene ankachiopa chinali pamenepo nthawi imodzi. Anayang'ananso mnzakeyo, amene ankalira ngati mwana, ndipo anadziwa kuti akamusiya choncho sadzakhudzanso chiwongolero moyo wake wonse.

"Sunthirani kuno, amayi."

Anatuluka pamvulapo, kuzungulira kutsogolo, n'kukhala pampando wa dalaivala. Bondo linayamba kuvina monga kale. Sanalimbane nalo. Anatulutsa mpweya, naponda kilachi ndi mwendo wonjenjemerawo, naliza injini, kulowetsa giya, kumasula buleki. Kapikapu kanakwera mtunda, kanadutsa mphambano, kanalowa mumsewu waukulu pakati pa mabasi ndi malole, mpaka kumsika.

Ataimika galimoto anatsamira chiwongolero, malaya atanyowa ndi mvula ndi thukuta lomwe.

Mayi wa mazira anapukuta misozi. "Koma inu ndiye simuopa, asisi."

"Taonani bondo langali."

Onse awiri analiyang'ana likugwedezeka lokha, nayamba kuseka mpaka ogulitsa pamsika anabwera kudzasuzumira. Mazira angapo anali atasweka kumbuyo. Mwini wake anati amenewo ndi malipiro a mphunzitsi.

Taonani kusiyana kwake. Tsiku lija Mayi Hutala anapita kugalaja ndi mkwiyo, maso ake anali pa anthu omuseka, ndipo analephera ngakhale kutembenuza kiyi. Pamphambano paja omutukwana analipo ambiri, koma sanawamve. Maso ake anali pa munthu mmodzi amene ankamufuna. Mantha anali omwewo. Chimene chinasintha ndi chifukwa choyendera.

Mayi wa mazira anakhoza mayeso ulendo wotsatira. Anauza mnzake wogulitsa makala, ameneyo anauza mlamu wake, ndipo posakhalitsa pabwalo la galaja pankadikira anthu m'mawa uliwonse. Ambiri anali olephera mayeso kangapo, amayi achikulire, ndi abambo ochita manyazi kukalipiridwa ndi ana. Mayi Hutala anakachita maphunziro a uphunzitsi wa zoyendetsa, napeza chilolezo. Mchimwene wake anakonza galimoto ina yakale n'kuikamo buleki yachiwiri mbali ya mphunzitsi. Telala anasoka nsalu zokutira mipando, nati iye ndi mkulu wa zokongoletsa pakampanipo. Za kusiya sukulu mwana uja sanazitchulenso, ndipo anamaliza bwino.

Bwana wa depoti anamva mbiriyo natumiza uthenga kuti ngati akufuna, abwere adzayesedwenso. Anapita. Anakwera basi yopanda anthu, bwanayo ali kumbuyo kwake, naizungulitsa m'tauni n'kuibweza pamalo ake osakhudza kanthu.

"Mwakhoza, mayi. Muyambe sabata yamawa."

"Zikomo, bwana, koma ndili ndi ophunzira akundidikira. Ndimangofuna kudziwa ngati ndingathe."

Anatuluka modutsa pakhonde la ofesi, napereka moni kwa madalaivala, iwo n'kuyankha. Ali panjira anazindikira kuti sanayang'ane n'komwe nkhope zawo kuti aone ngati aona.

Lero sukulu yake ili ndi galimoto zingapo ndi aphunzitsi ena amene anawaphunzitsa yekha. Nthawi zina kumabwera madalaivala a malole ndi mabasi, amuna amphamvu zawo, amene anachita ngozi ndipo sanauzepo munthu kuti manja awo amanjenjemera. Amafika mozemba, ngati odzafunsa njira. Iye amawakhazika pansi, amawamvetsera, ndipo amene akufunika thandizo loposa lake amawalozera kuchipatala.

Sikuti zonse zinatha. Kukagwa mvula amalankhula pang'ono. Bambo wachikulire uja amamukumbukirabe, ndipo sayesanso kumuiwala. Anaphunzira kuti chisoni ndi ntchito zimatha kukhala m'munthu mmodzi popanda china kuthamangitsa chinzake.

Posachedwapa wophunzira wina watsopano, mphunzitsi wopuma ntchito, anakhala pampando wa dalaivala manja ali pamiyendo, namufunsa, "Mayi, kodi manthawa adzatha liti kuti ndiyambe?"

"Sindikudziwa, bambo. Anga sanathe. Mangani lamba."

Inu amene mwakhala pansi nthawi yaitali, mukudikira tsiku limene mudzadzuke muli ndi mphamvu ndi chilakolako, tsikulo mwina silibwera lokha. Musadzitche waulesi kapena wamantha chifukwa thupi lanu likukumbukira zimene linaona. Uzani munthu amene angakumvetsereni. Pezani kantchito kochepa kamene mungakathe lero, mukachite ngakhale simukufuna, ndipo mawa muonjezere pang'ono. Ngati chimene chinkakuyendetsani kale chatha mphamvu, yang'anani pambali panu, pali wina amene akusowa chimene inu mukudziwa.

Mtima musautaye. Ukatsalira m'mbuyo, inu yambani ndi manja ndi miyendo, udzakupezani m'njira.